Madzi m'chipinda cha pansi pa nyumba: kupeza polowera pake ndi kusankha woti akonze

Chipinda chimene chinamangidwa pansi pa nyumba, makoma ake ali m'nthaka, chimakhala moyandikana ndi madzi moyo wake wonse. Tsiku limene mwininyumba watsegula chitseko n'kulandiridwa ndi fungo la chinyontho, kapena wapeza katoni imene anaisiya pakona yafewa kunsi, maganizo oyamba amakhala oti aitane munthu adzatseke msangamsanga. Ine ndikukupemphani kuti musathamange. Ndalama zambiri zimene anthu amataya pa vuto limeneli zimatayika chifukwa choti ntchito inagulidwa asanadziwe kumene madziwo akuchokera. Madzi otsika padenga, madzi a pansi pa nthaka, madzi a paipi yobowoka ndiponso chinyezi cha mumpweya, zonsezi zimanyowetsa khoma mofanana mukamaona ndi maso, koma chilichonse chili ndi mankhwala akeake, ndipo mitengo ya mankhwalawo imasiyana kutalitali.

Ngati madzi adzaza kale, yambani ndi kuteteza moyo. Musaponde m'madzimo magetsi asanazimitsidwe, ndipo ngati bokosi lozimitsira lili m'chipinda chomwecho, itanani wodziwa za magetsi. Madzi amene akununkha zakuchimbudzi musawagwire ndi manja opanda magolovesi, chifukwa amenewo abwerera kuchokera m'mapaipi a zonyansa ndipo amafuna pulambala. Madzi akakhala ozama chifukwa cha kusefukira, musawapope onse tsiku limodzi, popeza nthaka yakunja imakhala idakali yokhuta madzi ndipo ikukankha khoma, pamene madzi a m'katiwo ndi amene akuthandiza kulichirikiza. Bungwe la FEMA, loona za ngozi zadzidzidzi ku America, limalangiza kuchotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo pa tsiku. Zinthu zonyowa monga makapeti, mabuku ndi matabwa muzitulutse ndi kuziumitsa pasanathe maola 24 mpaka 48, chifukwa nthawi imeneyi ikadutsa chuku chimayamba kumera.

Zida zoyambira ndi zimene muli nazo kale

Ntchito yofufuza imafuna choko, kope, tochi, tepi yoyezera ndi foni yojambulira. Sunthani katundu yense amene watsamira kukhoma, kenako zungulizani ndi choko malo alionse onyowa, ndipo pambali pake lembani tsiku ndi ola. M'kope lembani mmene kunja kunalili: kaya kunagwa mvula, inayamba nthawi yanji, inali yamphamvu kapena yamvumbi, mphepo inkachokera mbali iti. Chitani zimenezi kwa milungu ingapo, mpaka mvula itagwa kawiri kapena katatu. Ndikudziwa kuti kudikira n'kowawa pamene khoma likunyowa, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kope limeneli lidzakuuzani zimene mlendo wobwera kwa theka la ola tsiku ladzuwa sangazione.

Nthawi imene madzi amaonekera ndiye mboni yoyamba. Akaoneka mvula ili m'kati kapena patangopita maola ochepa, n'kuuma mvula ikakata, kawirikawiri amenewo ndi madzi a pamwamba, ochokera padenga kapena pabwalo. Akaoneka patapita masiku awiri kapena atatu, n'kukhala akuchucha kwa milungu ngakhale kunja kutayera, ndiye kuti madzi a pansi pa nthaka akwera kufika pamaziko. Akamaoneka mosasamala za mvula, chaka chonse, kaikirani mapaipi a m'nyumba. Ndipo akamaoneka nyengo yotentha yachinyezi, makamaka pa mapaipi a madzi ozizira ndi m'makona mmene mpweya suyenda, n'kutheka kuti palibe chimene chikulowa kuchokera kunja.

Nkhani ya mapaipi ndi yosavuta kuithetsa. Tsekani mipopi yonse, onetsetsani kuti makina ochapira sakugwira ntchito ndiponso kuti palibe amene agwiritse ntchito chimbudzi, lembani manambala a pa mita ya madzi, ndipo muyang'anenso pakatha maola awiri. Manambala akasuntha, pali paipi imene ikutaya madzi penapake. Kumbukirani kuti njira imeneyi imangogwira mapaipi obweretsa madzi. Mapaipi otulutsa madzi akuda amadontha pokhapokha wina akasamba kapena akagujumula chimbudzi, choncho muuze munthu atsegule madzi kubafa inu mutaima pansi ndi tochi.

Chinyezi cha mumpweya chimasokoneza anthu ambiri, ndipo ena anakumbitsa nyumba yonse kuzungulira pofuna kuthana ndi madzi amene sankachokera kunja n'komwe. Khoma la m'nthaka limakhala lozizira, ndipo mpweya wofunda ukalikhudza limachita thukuta monga limachitira botolo limene mwalitulutsa mufiriji. Kuti musiyanitse, pukutani khoma liume, dulani pulasitiki yosang'ambika ya masentimita 45 mbali zonse, muimate pakhomapo ndi tepi yolimba m'mbali zonse zinayi osasiya mpata. Muyezo wa ASTM D4263, umene amisiri amatsatira poyesa chinyontho cha mu konkire, umati pulasitikiyo ikhale maola osachepera 16, koma ine ndimakonda kuisiya masiku awiri kapena atatu. Mukapeza timadontho kunja kwa pulasitiki, mbali yoyang'ana m'chipinda, vuto ndi mpweya. Mukapeza kunsi kwake kwanyowa ndipo khoma ladera pamenepo, chinyontho chikudzera m'khoma. Nthawi zina mudzapeza zonse ziwiri, ndipo zimenezo si zachilendo. Chitani chimodzimodzi pa silabu yapansi. Ngati vuto ndi mpweya, mankhwala ake ndi makina ochotsa chinyezi, kukulunga mapaipi ozizira, ndi kuonetsetsa kuti makina oumitsa zovala akutulutsira nthunzi kunja. Kachipangizo koyezera chinyezi kazisonyeza pansi pa 60 peresenti, ndipo pakati pa 30 ndi 50 ndi pamene bungwe la EPA, loona za chilengedwe ku America, limati n'pabwino.

Kuwerenga zimene khoma likunena

Mukatsimikiza kuti madzi akuchokera kunja, londolani njira yake chokwera. Pamene pali chithaphwi si pamene madzi alowera, chifukwa madzi amatsetsereka kufuna malo otsika. Gonekani tochi m'mbali mwa khoma kuti kuwala kuyende chopendekeka, ndipo mudzaona mizere, matuza a penti ndi ming'alu yaing'ono imene simungaione kuwala kukamachokera kutsogolo. Malo onyowa amene ali pamwamba kuposa onse ndiwo ali pafupi ndi polowera.

Ufa woyera wonga mchere umene umatuluka pakhoma ndi chizindikiro choti madzi akhala akudutsa pamenepo nthawi yaitali: amasungunula mchere wa mu simenti ndi m'nthaka, ndipo akauma amausiya kunja. Mukaufikisa pakati pa zala umanyenyeka, mukauika m'madzi umasungunuka, pamene chuku sichisungunuka. Mzere wa ufa umenewu ukakhala wowongoka chopingasa, ukukusonyezani pamene madzi amafika kunja kwa khomalo. Timadontho ta dzimbiri tofola mwadongosolo pakhoma la konkire yothira ndi malo amene panali tizitsulo togwira matabwa pothira konkireyo, ndipo tikachita dzimbiri timasiya timabowo tolunjika kuchokera kunja mpaka m'kati. Yang'ananinso mozungulira paipi kapena waya aliyense amene wabowola khoma, pansi pa mawindo, ndi pamwamba penipeni pa khoma pamene nyumba yakhalira, chifukwa nthaka kapena simenti ya pabwalo ikakwera kufika pamenepo madzi amangodumphira m'kati.

Malo amodzi amafuna kuwamvetsa bwino, ndiwo pamene khoma lakumana ndi silabu yapansi. Pomanga, amayamba kuthira maziko, kenako khoma, silabu pomaliza, ndipo konkire yothiridwa masiku osiyana simagwirana kukhala chinthu chimodzi. Pamakhala kampata kosaoneka ndi maso. Madzi akamatuluka m'kampata kameneka m'litali mwa khoma, kapena akamatumphuka m'ming'alu ya pa silabu, ndiye kuti pansi pa nyumba pali madzi amene akukankha chokwera. Khoma la mabuloko obowoka m'kati lili ndi khalidwe lakelake: madzi amatha kulowa pamwamba pakona imodzi, n'kudzaza m'mabowomo, n'kukatulukira pansi mamita angapo kuchokera pamene analowera. Ndipo konkire ndi njerwa zimayamwa madzi monga chingwe cha nyali chimayamwira mafuta, motero khoma likhoza kunyowa chokwera popanda mng'alu uliwonse.

Ming'alu siifanana, ndipo apa ndikufuna mukhale tcheru kwambiri. Mng'alu wopyapyala woimirira, kapena wochoka pakona ya windo kutsika chopendekeka pang'ono, kawirikawiri umabwera chifukwa choti konkire imakhwinyata pouma. Umalowetsa madzi ndithu, koma nthawi zambiri suopseza nyumba. Mng'alu wogona, wopingasa khoma chapakati, ndi nkhani ina: ukutanthauza kuti nthaka yakunja ikukankha khoma kulowa m'kati. Chimodzimodzinso mng'alu woyenda ngati masitepe m'mizere ya matope a mabuloko, mng'alu wotambasuka kumtunda n'kupanikizika kumunsi, kapena umene mbali imodzi yatulukira kuposa inzake mukasisita ndi chala. Tengani thabwa lalitali lowongoka muligoneke kukhoma choimirira, kapena lendeweretsani chingwe chomangirira kachitsulo kuchokera pamwamba, muone ngati khoma lachita mimba. Lembani ndi pensulo pamene mng'alu wathera, yezani kukula kwake, ikani tsiku, ndipo muyezenso mwezi uliwonse. Mng'alu wogona, mng'alu umene ukukula, wopitirira mamilimita 6, kapena khoma lopindika, zonsezi zimafuna injiniya wa zomangamanga amene sagulitsa chilichonse kupatula nzeru zake, ndipo iye abwere kampani iliyonse yotseka madzi isanafike. Kumata mng'alu wa khoma limene likuyenda n'kubisa chenjezo limene nyumba ikukupatsani.

Tulukani panja mvula ikugwa

Gawo limeneli ndi limene anthu ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limapeza wolakwa kawirikawiri. Valani jasi la mvula, tengani ambulera, zungulirani nyumba pamene mvula yafika pachimake, bola ngati kulibe ziphaliwali. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 120 likalandira mvula ya mamilimita 25 limatsitsa malita 3,000, omwe ndi migolo 15 ya malita 200, ndipo ngati mapaipi otsitsa madzi ndi anayi, pakona iliyonse pakutsika malita 750. Madzi amenewa akamathera m'tsinde mwa khoma, palibe penti kapena phula limene lingapirire chaka ndi chaka.

Chimene chimakulitsa vutoli ndi mmene nyumba inamangidwira. Anakumba dzenje lalikulu kuposa nyumbayo, anamanga makoma, kenako anakwirira mpata wotsalawo. Dothi lokwiriralo ndi lotakasuka kuposa nthaka yosakumbidwa imene yalizungulira, motero limamwa madzi msanga, ndipo ngati nthaka yozungulirayo ndi yadongo madziwo amasowa kopita, nyumba n'kukhala ngati yaikidwa m'beseni. Zaka zikamapita dothilo limatitimira, ndipo bwalo limene poyamba linkatsetsereka kuchoka kunyumba limayamba kutsetserekera kukhoma. Madzi saiwala khwawa: akapeza njira kamodzi, amabwerera momwemo mvula iliyonse n'kumaikulitsa.

Onani ngati ngalande za m'mphepete mwa denga zikusefukira chifukwa cha masamba, ngati zapendekeka molakwika, kapena ngati zikudontha polumikizira. Onani kumene paipi iliyonse yotsitsa madzi ikuthera; iyenera kutaya madzi mamita awiri kapena kuposa kuchokera kukhoma, pamalo otsetsereka kuchoka kunyumba. Ngati ikulowa m'nthaka, musangokhulupirira kuti ili bwino, chifukwa mapaipi okwiririka amasweka ndiponso amatsekeka ndi mizu. Kutsetsereka kwa bwalo mungakuyeze ndi zikhomo ziwiri, chingwe ndi levulo: khomani chimodzi kukhoma, china mamita 3 kuchokera pamenepo, kokani chingwe chikhale pa levulo, n'kuyeza kutalika kwake kuchokera pansi mbali zonse ziwiri. Malamulo omangira a International Residential Code, amene amatsatidwa m'madera ambiri a ku America, amafuna kuti nthaka itsike masentimita pafupifupi 15 m'mamita 3 oyambawo, ndipo muyezo umenewu ndi wothandiza kulikonse.

Ineyo zinandionekera. Kona imodzi ya chipinda chathu chapansi inkanyowa mvula iliyonse, ndipo munthu wa kampani ina atabwera anayang'ana kwa mphindi zochepa n'kundilembera kotesheni yophwanya silabu kuzungulira chipinda chonse. Panja sanapondeko. Mvula yotsatira nditatuluka, ndinakankha nthambi za maluwa amene anali pakona imeneyo, n'kupeza kuti kachigongono ka kumunsi kwa paipi yotsitsa madzi a padenga kanali katavuka, madzi akukhuthukira pansi pomwepo, atakumba kadzenje kolowa nkhonya m'tsinde mwa khoma. Kubwezeretsa kachigongonoko, kuwonjezera paipi ndi kuthira dothi zinatenga masana amodzi, ndipo konayo inauma. Sindikunena kuti vuto lililonse ndi laling'ono chotere, koma palibe amene ayenera kuphwanya silabu asanayang'ane kuseri kwa maluwa.

Ngati mvula ikuchedwa, ipangeni nokha ndi paipi yothirira. Dikirani kukhale kouma kwa masiku angapo, munthu mmodzi akhale m'kati ndi tochi, wina panja. Yambani patali pang'ono ndi khoma ndiponso pansi, madzi ayende mphindi 15 kapena 20 pamalo amodzi, kenako sendererani kukhoma, kenako pawindo, kenako m'ngalande za padenga. Mukayamba pamwamba zonse zidzanyowa nthawi imodzi ndipo simudzadziwa chimene chalowetsa madzi. Yesani khoma limodzi pa tsiku.

Dziwani mankhwala musanakumane ndi ogulitsa

Zimene mwapeza panja zikonzeni kaye, n'kudikira mvula ina. Madzi akapitiriza kulowa, pamenepo ndiye nkhani ya kontirakitala yafika, ndipo n'kofunika mudziwe zimene akudzakuuzani.

Madzi ozama mita imodzi amakankha sikweya mita iliyonse ya pansi pake ndi mphamvu yolingana ndi kulemera kwa makilogalamu 1,000. Madzi a m'nthaka akakwera masentimita 50 kupitirira kunsi kwa silabu ya masikweya mita 50, silabuyo ikukankhidwa chokwera ndi matani 25. Nchifukwa chake penti yoletsa madzi yopaka m'kati imathandiza pa chinyontho chochepa chabe, koma madzi okankha amaitukumula n'kuisenda. Simenti youma msanga, ija imagwira m'mphindi zochepa ngakhale madzi akutuluka, ndi yabwino potseka bowo limodzi, koma madzi amene mwawatsekereza amakhala akadali kuseriko kufuna pena.

Mng'alu wa khoma la konkire yothira amaubaya mankhwala kuchokera m'kati mpaka atadzaza kufika kunja. Mankhwala otchedwa polyurethane amafufuma akakhudza madzi ndipo amakhala wofewa, motero amalola khoma kusuntha pang'ono. Ena otchedwa epoxy amauma gwa n'kulumikiza konkire, koma amafuna mng'alu wouma ndi wosayenda. Njira imeneyi siithandiza pa mabuloko obowoka, chifukwa mankhwalawo amangotayikira m'mabowo.

Madzi otuluka pamkumano wa khoma ndi silabu amafuna ngalande. Ya m'kati amaikonza pophwanya silabu m'mbali mwa khoma, n'kuika paipi yobowolabowola m'miyala ya kwale, yotsetserekera kudzenje limene muli pampu yotulutsa madzi kunja. Ngalande yokwirira ya mtundu umenewu ambiri amaitchula kuti French drain, ndipo dzinali linachokera kwa Henry French wa ku Massachusetts, amene analemba za njirayi mu 1859, osati ku dziko la France. Mumvetse kuti ngalande ya m'kati siiletsa madzi kufika pakhoma. Imawalandira n'kuwatulutsa, ndipo moyo wake wonse uli pa pampu. Njira ya kunja ndi yokumba mpaka pamaziko, kutsuka ndi kukonza khoma, kulikuta ndi chophimba choletsa madzi, kuika bolodi yoteteza chophimbacho, ndi kuyala paipi m'mbali mwa maziko, m'miyala yokulungidwa ndi nsalu yosefa dothi. Imeneyi ndiyo imaumitsa khoma lenilenilo, koma ndi yodula, imawononga bwalo, ndipo siitheka pamene nyumba zagundana. Phula lopyapyala lopaka ndi bulashi limangochepetsa chinyontho, silofanana ndi chophimba chochindikala chimene chimatamuka khoma likang'ambika pang'ono, ndiye wina akakuuzani kuti adzapaka khoma, mufunseni dzina la chimene adzapakecho ndi kuchindikala kwake. Muyezo wa ku Britain wa BS 8102 umagawa njira zonsezi patatu: Type A ndi chotchinga chomatidwa pakhoma, Type B ndi konkire yomangidwa kuti payokha isalowetse madzi, Type C ndi kulola madzi alowe kuseri kwa chophimba n'kuwatulutsa ndi ngalande. Pamene chiopsezo n'chachikulu, muyezowu umalimbikitsa kuphatikiza njira ziwiri.

Kusankha kontirakitala

Itanani makampani atatu kapena kuposa, ndipo yesetsani kuti asakhale ogulitsa njira imodzimodzi, chifukwa kampani imene imangoika ngalande za m'kati idzaona vuto lofuna ngalande ya m'kati m'nyumba iliyonse. Amene amabwera kudzayendera kwaulere nthawi zambiri ndi wotsatsa malonda amene amalandira malinga ndi zimene wagulitsa. Si mlandu umenewo, koma muzidziwa amene mukulankhula naye. Ntchito ikaoneka kuti ndi yaikulu, kulipira injiniya kapena katswiri woima payekha kuti alembe chimene chikufunika, kenako makampani onse apikisane pa ntchito imodzi yomweyo, ndi ndalama zogwiritsidwa bwino ntchito. Ku Britain kuli chiphaso cha CSSW cha akatswiri oyeza ntchito zotseka madzi m'zipinda zapansi. Kwina kulikonse funsani chiphaso chimene malamulo a kumeneko amafuna, ndipo mukachitsimikize nokha ku ofesi imene inachipereka.

Munthuyo akafika, muoneni kumene wayambira. Wodziwa ntchito amafunsa kuti madzi amabwera liti, amapempha kuona kope lanu ndi zithunzi, amazungulira panja, amayang'ana denga ndi bwalo, ndipo saopa kukuuzani kuti muyambe mwakonza ngalande za padenga ngakhale kuti zimenezo sizimubweretsera ndalama. Mufunseni kuti madzi akulowera pati ndipo wadziwa bwanji, ndipo yankho lake ligwirizane ndi zimene inu mwaona. Mufunseni kumene madzi adzapite akatuluka mu pampu, chifukwa paipi yotayira m'tsinde mwa khoma imangowabweza komwe achokera, ndipo m'madera ambiri malamulo saloleza kuwathira m'mapaipi a zonyansa. Mufunseni chimene chidzachitike magetsi akazima, popeza mvula yamkuntho imene imadzaza dzenje ndi yomwe imagwetsanso mawaya. Yankho labwino ndi pampu yachiwiri yoyendera batire ndi belu lochenjeza madzi akakwera. Paipi yotuluka mu pampu ikhale ndi valavu yoletsa madzi kubwerera, ngalande ikhale ndi potsegula poitsukira, ndipo dzenje likhale ndi chivundikiro chomata bwino, chifukwa dzenje lotseguka limalowetsa chinyezi komanso mpweya wa radon wochokera m'nthaka, umene bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limautchula m'gulu la zinthu zazikulu zoyambitsa khansa ya m'mapapo.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka ndi bwino kuthokoza munthuyo n'kumuperekeza kuchipata. Wina amatchula mtengo waukulu kenako n'kuutsitsa kwambiri pokhapokha mutasaina lero lomwe. Wina amakuopsezani kuti nyumba igwa kapena ana adwala, koma osafuna kuti injiniya aone. Wina amafuna ndalama zonse kapena zochuluka ntchito isanayambe, kapena amakana kulemba chilichonse. Musakopeke ndi galimoto yokongola ndi timabuku tonyezimira, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pemphani manambala a anthu amene anawagwirira ntchito zaka zitatu kapena zisanu zapitazo, osati mwezi watha, chifukwa chipinda chilichonse chimaoneka chouma ntchito ikangotha. Anthuwo muwafunse ngati madzi anabwereranso, ndipo ngati anabwerera, kampaniyo inatenga masiku angati kuti ifike. Pemphaninso chikalata cha inshuwalansi yoteteza katundu wanu ndi antchito awo, muimbire kampani ya inshuwalansiyo kuti mumve ngati idakali yamoyo, ndipo mudziwe ngati adzagwire ntchitoyo ndi anthu awo kapena adzaipereka kwa ena.

Makotesheni muwayerekeze mzere ndi mzere, osati nambala yapansi yokha. Pepala labwino limanena chimene chikuyambitsa vuto, makoma amene adzagwiridwe ndi mamita ake, kuya kwa pokumba, mayina a zipangizo, kukula kwa paipi, mtundu wa pampu ndi mphamvu yake, amene adzatenge chilolezo, amene adzalumikize magetsi, amene adzachotse zinyalala ndi kubwezeretsa bwalo, ndiponso mmene mtengo udzasinthire akapeza zosayembekezereka. Kulipira kugawidwe motsatira magawo a ntchito amene atha, dipoziti ikhale yochepa, ndipo gawo lomaliza likhale m'manja mwanu mpaka mutayendera ntchito yonse.

Chikalata cha chitsimikizo muchiwerenge musanasaine mgwirizano, mawu aang'onoang'ono omwe. Zambiri zimene zimalonjeza moyo wonse zimangonena za madzi otuluka pamkumano wa khoma ndi silabu, m'mamita okhawo amene anagwirapo. Madzi odzera pakati pa khoma, pawindo kapena pakati pa silabu sawerengedwa, pampu ili ndi chitsimikizo chake chachifupi, ndipo katundu wanu wowonongeka salipiridwa. Onani ngati chimafuna kuti muzilipira kuyendera kwa chaka ndi chaka kuti chikhalebe chamoyo, ngati chimapita kwa wogula nyumba mukadzaigulitsa, ndiponso amene adzachikwaniritse kampaniyo ikadzatsekedwa. Funsani zaka zimene kampaniyo yakhala ikugwira ntchito ndi dzina lomwelo.

Ntchito ikayamba, musachoke. Mapaipi ndi mawaya okwiririka adziwike pamene ali khasu lisanalowe pansi. Ngalande yakuya iyenera kuchirikizidwa kapena kukumbidwa motsetsereka m'mbali; malamulo a bungwe la OSHA, loona za chitetezo cha antchito ku America, amafuna zimenezi kuyambira pa kuya kwa mita imodzi ndi theka, chifukwa kiyubiki mita imodzi ya dothi imalemera kuposa tani ndipo ikagumukira munthu sathawa. Mukaona antchito ali m'ngalande yakuya yosachirikiza, imitsani ntchito. Asakumbe kupitirira kunsi kwa maziko. Asanakwirire, suzumirani muone ndipo mujambule: chophimba chafika mpaka pamaziko, molumikizira mwamatidwa, paipi yagona m'mbali mwa maziko motsika kuposa silabu ya m'kati, miyala yakulungidwa ndi nsalu. Zonsezi zikakwiririka simudzazionanso. Dothi libwezedwe pang'onopang'ono akulitsendera, ndipo pamwamba patsetsereke kuchoka kunyumba.

Musanalipire gawo lomaliza, thirani ndowa zingapo za madzi m'dzenje la pampu muone ikuyaka ndi kuzima yokha, zimitsani magetsi ake muone ya batire ikulandira ntchito, ndipo tulukani mukaone kumene madziwo akutayikira. Bwerezani kuyesa kwa paipi yothirira pa khoma limene linkanyowa. Musafulumire kumata mabolodi, kupaka penti kapena kuyala kapeti. Lolani nyengo yonse ya mvula idutse makoma ali poyera, mizere ya choko ija ili pomwepo, ndipo m'kope lomwe lija muzilemba tsiku la mvula iliyonse yaikulu ndi zimene mwapeza m'mawa mwake. Kontirakitala mukadzamuitananso, mudzamusonyeze masiku ndi zithunzi zimenezo.